Makatoni Opepuka

Aliyense wolowa m'paki yoonerako nyama ankayamba wadutsa pamaso pa a Mwetulirani. Anali bambo wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mutu, kamera ili lende pakhosi, ndipo dzinalo linachokera pa mawu amene ankauza mlendo aliyense asanamujambule. Ankaimika anthu kutsogolo kwa chikwangwani chojambulidwa mikango, n'kuwaseketsa mpaka ngakhale bambo wolusa chotani aonetse mano. Potuluka m'pakimo, alendo ankapeza nkhope zawo zili pa sikirini ya m'shopu ya zithunzi, ndipo apo m'pamene ntchito ya Kapitawo inkayambira.

Kapitawo anali mayi wa ana amapasa, ndipo ndiye ankatsogolera shifiti ya m'mawa. Ankayang'anira atsikana awiri a pakauntala, a Mwetulirani, makina osindikizira zithunzi, ndi katundu yense wa m'kachipinda ka kuseri. Chithunzi munthu ankatha kuchitenga chili m'fulemu ya katoni, pa kapu, pa kamaginito komata pafiriji, kapena m'tokolowekera makiyi tapulasitiki, timene pantchitopo ankangotitcha timphete. Timpheteti ndi timene tinkayenda malonda kuposa zonse. Basi ya ana asukulu ikangoima pachipata, dilowa yonse ya timphete inkatha dzuwa lisanafike pamutu.

Kachipinda ka katundu kanali kopanda windo, konunkha inki ndi makatoni. Makiyi ake anali ndi anthu atatu: Kapitawo, mnzake wa shifiti ya masana amene onse ankamutcha Watayi chifukwa sankavula tayi ngakhale kutenthe bwanji, ndi a Mwetulirani, amene ankatchajiramo mabatire a kamera.

Lolemba lina abwana anawaitana onse atatu mu ofesi. Abwanawa anali mayi wamfupi, wosachedwa ndi moni, ndipo tsikulo sanauze munthu kuti akhale pansi.

"Uno ndi mwezi wachitatu timphete tikusowa," anatero akuloza kompyuta. "Zimene tinalandira, zimene tagulitsa ndi zimene zatsala sizikugwirizana. Makapu ali bwino, mafulemu ali bwino, mapepala ali bwino. Timphete tokha ndi timene tamera miyendo. Ndiuzeni."

Kenako Watayi anakonza pakhosi, maso ali pa nsapato zake.

"Ine sindikutchula munthu, abwana. Kungoti tsiku lina ndinaona mdzukulu wa a Mwetulirani ali ndi kamphete kathu pa chikwama cha kusukulu."

"Ndinachita kugula," anatero a Mwetulirani mosakweza mawu. "Anandigulitsa ndi akapitawo awa."

"N'zoona, abwana," anatero Kapitawo. "Ndinawagulitsa ndine."

"Kamodzi kokha munagula," anatero abwana. "Ine ndikunena tambirimbiri. Pofika Lachisanu ndikufuna yankho. Likapanda kupezeka, mmodzi wa inu asiya makiyi ndi yunifolomu patebulo pano."

Sanatchule dzina, koma maso awo anakhalitsa pa mkulu uja, ndipo onse anamva.

Atatuluka, a Mwetulirani analowa m'kachipinda muja, anazula tchaja yawo pakhoma, n'kubwera nayo pakauntala. Anachotsa kiyi pa lamba n'kuyiika m'dzanja la Kapitawo.

"Sunga, mwana wanga. Mabatire ndizitchajira pano poonekera."

"Musatero, bambo. Palibe wanena kuti ndinu."

"Zaka khumi ndi zinayi ndili pachipata icho," anatero. "Sindinatengepo ngakhale pepala lopukutira galasi. Sunga basi."

Tsikulo zithunzi zinatuluka zozizira. Anthu ankaoneka ngati aima pamzere wa kuchipatala, ana ena akulira, ena ayang'ana kumbali. Alendo ankafika pakauntala, n'kudziyang'ana pa sikirini, n'kupitirira. Kapitawo akasuzumira kuchipata ankaona mkuluyo akungodina kamera, osauzanso munthu kuti amwetulire. Mtima unamuwawa. Anali a Mwetulirani omwewa amene anamuphunzitsa kusintha inki atangoyamba ntchito, ndipo tsiku limene anaononga mapepala okwana paketi yathunthu sanakamuneneze kwa aliyense.

Anayamba ndi dilowa ya pakauntala, poti ndi mmene timphete tinkakhala tikachoka m'katoni. M'mawa asanatsegule shopu ankawerenga tonse, kamodzikamodzi. Popereka shifiti ankawerenganso, Watayi ataima pambali akuyang'ana wotchi.

"Mayi, tiziwerenga ngati ana a sitandade wani tsiku lililonse?"

"Eya. Mawa m'mawa ndidzawerenganso zimene mwasiya inuyo."

Lolemba zinagwirizana. Lachiwiri zinagwirizana. Lachitatu zinagwirizananso, osasowa ngakhale kamodzi. Mwina wakubayo anali atachita mantha, kapena m'dilowamo simunali mmene timphete tinkatayikira. Pa nthawi yopuma, m'malo mopita kukadya, Kapitawo anatenga mapepala a sitoko, olembamo katundu wolowa ndi wotuluka, a miyezi itatu ija n'kukhala nawo pa katoni ya makapu. Pashelefu panali chitini chimene ankaponyamo timphete tosweka, ndipo mwezi uliwonse ankalemba kuchuluka kwake pa chivundikiro. Atachotsera tosweka, anayang'anitsitsa zimene zinatsala. Mwezi woyamba tinasowa makumi anayi. Mwezi wachiwiri makumi asanu ndi atatu. Mwezi wachitatu makumi anayi.

Anabwereza kuwerengako, zinatuluka zomwezo. Anadzifunsa kuti ndi wakuba uti amene amaba makumi anayi ndendende, osapitirira, osaperewera. Munthu woika zinthu m'thumba mobisa amatenga tiwiri lero, tisanu mawa. Izi zinali ndi dongosolo lake. Koma dongosolo la chiyani, mutu wake sunamuuze.

Lachinayi anaganiza zotulutsa chilichonse m'kachipindamo, mwina pali mapaketi amene anagwera kuseri kwa mashelefu. Anasiya atsikana pakauntala, anamanga nsalu kumutu, n'kuyamba kutsitsa katundu. Kuseriko anapezako lumo, chivundikiro cha kamera ndi fumbi la zaka zambiri. Kamphete ngakhale kamodzi kunalibe.

Anali akubwezera makatoni a timphete pamalo pake pamene anaima. Makatoniwo analipo asanu ndi atatu, onse omata bwinobwino ndi tepi ya kufakitale, onse olembedwa kuti muli mazana awiri. Anawanyamula imodziimodzi pachiuno ngati mmene ankanyamulira ana, ndipo yachitatu inakwera mosavuta kuposa zinzake. Mkono wa mayi wa mapasa sunama pa nkhani ya kulemera. Ana ake ali makanda, ankadziwa amene sakuyamwa bwino asanapite nawo kusikelo. Anaika katoniyo pansi, ananyamula ina, anabwereranso kwa yoyamba ija.

Anaitana mtsikana mmodzi wa pakauntala. "Tanyamula iyi. Tsopano iyi. Ukumva bwanji?"

"N'chimodzimodzi, amayi."

"Bwerera kuntchito."

Anatenga lumo lija n'kuliika pa tepi, koma dzanja linaima lokha. Akatsegula ali yekha n'kupeza kuti muli zoperewera, ndani angamukhulupirire? Anthu adzati watulutsa yekha kuti apulumutse mnzake, kapena kuti adzipulumutse. Katoniyo inayenera kutsegulidwa anthu akuona, ndipo iye anayenera kudziwiratu kuti sachita manyazi. Anabweza lumo m'thumba.

Ataweruka sanalunjike kunyumba. Anatsika minibasi pamphambano n'kulowa m'kashopu ka mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, amene ankagulitsa penti, mapaipi ndi misomali yoyeza pasikelo.

"Alamu, lero mwasochera?" anatero mlamuyo akupukuta manja. "Kapena achimwene aswanso chitseko?"

"Ndabwera kudzabwereka sikelo."

"Sikelo? Mukufuna muone ngati mwanenepa? Iyi imathera pa makilogalamu khumi, alamu, musandithyolere."

"Pakamwa pako m'pamene pakufunika kuyeza. Ndipatse, ndibweza mawa madzulo."

"Nanga mawa ndigulitsa bwanji misomali?"

"Uziwerenga umodziumodzi. Ine sabata yonse ino ndakhala ndikuwerenga timphete, sindinafe."

Atamufotokozera nkhani yonse, mlamuyo anasiya nthabwala. Anapukuta sikeloyo, anamuonetsa batani lobwezera pa ziro, n'kuyikulunga m'thumba la simenti lopanda kanthu.

"Muiike pansi posalala," anatero. "Ikapendekeka imanama ngati munthu."

Lachisanu Kapitawo anafika pakiyo isanatsegulidwe, osesa okha ali pabwalo. Anaika sikelo pa simenti ya m'kachipindamo n'kuyamba kukweza makatoni. Yoyamba inalemera makilogalamu anayi ndi theka. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, ija anaikayikira, sinafike ngakhale pa anayi. Pa makatoni asanu ndi atatu, awiri anali opepuka, ndipo kupepuka kwake kunali kofanana. Anawalemba mtanda ndi choko. Kenako anatsegula shopu, anayatsa makina, osauza aliyense.

Lachisanu linalinso tsiku lolandira katundu. Cha m'ma teni galimoto ya kampani yobweretsa zinthu inaima kuseri kwa shopu. Dalaivala wake, bambo wonenepa wa chipewa, anatsitsa mapepala, inki ndi makatoni asanu ndi limodzi a timphete, n'kutambasula pepala losainira ngati masiku onse.

"Sainani apa, mayi, ndili ndi malo ena asanu."

"Lero mudikira pang'ono, achimwene."

"Makatoni si awa? Werengani, akwana."

"Makatoni akwana. Dikirani."

Anatuma mtsikana kukaitana abwana. Watayi nayenso anali atafika msanga chifukwa linali tsiku lopereka yankho lija, ndipo anabwera pambuyo pa abwanawo. Anapeza Kapitawo atagwada pakhomo la kachipinda, sikelo ya misomali ili patsogolo pake.

"Izi ndiye ziti?" anafunsa abwana. "Tatsegula golosale?"

"Ndikupempha mphindi khumi zokha, abwana. Muziyang'ana manambala."

Anakweza makatoni atsopanowo imodziimodzi. Anayi oyambirira sanasiyane. Yachisanu itakwera, nambala inatsika. Anaitsitsa, anabwezera sikelo pa ziro, anaikwezanso kuti wina asati yalakwitsa. Inatsikanso. Kenako anatulutsa awiri a mtanda aja n'kuwayeza onse akuona.

"Onsewa alembedwa mazana awiri," anatero. "Onse ndi omata. Iyi yangotsika kumene m'galimoto, tepi yake ine sindinaikhudze. Achimwene, ndikupempha mutsegule ndinu, ndi dzanja lanu."

Dalaivala anayang'ana abwana, abwana anagwedeza mutu. Anang'amba tepi ndi kiyi ya galimoto n'kutulutsa mapaketi, akuwaika pansi mondondoza.

"Khumi," anatero, mpweya ukutsika. "Mapaketi khumi, monga mwa nthawi zonse. Mwandichedwetsa chabe, mayi."

Watayi anaseka pang'ono. Kapitawo anamva kutentha kumaso, ndipo kwa kanthawi anaganiza kuti sikelo ija yamupusitsa. Koma mkono wake ndi sikelo sizikananama zonse ziwiri.

"Paketi imodzi mumakhala tingati?" anafunsa.

"Makumi awiri."

"Tsegulani imodzi, muwerenge."

Bamboyo anang'amba pulasitiki, anakhuthulira timphete pa chivundikiro cha katoni, n'kuyamba kutisuntha ndi chala akuwerenga mokweza. Atafika pa khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chala chinasowa chosuntha. Anayang'ana pansi ngati tina tagwa. Anatsegula paketi yachiwiri, anawerenga, anathera pomwepo. Yachitatu anawerenga ndi abwana eni ake, atagwada pa simenti ndi siketi yawo ya ku ofesi.

"Paketi iliyonse ikuperewera tinayi," anatero Kapitawo. "Mapaketi khumi, ndiye makumi anayi pa katoni. Mwezi woyamba tinatsegula katoni imodzi yotere. Mwezi wachiwiri awiri. Mwezi wachitatu imodzi. Mapepala ndi awa. Timpheteti sitinabedwe, abwana. Sitinafike n'komwe."

Dalaivala anavula chipewa, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, ine ndimangonyamula. Ndili ndi ana."

Kapitawo anapukusa mutu. "Palibe akunena inu. Tepi ndi ya kufakitale, tonse taona. Ingoimbirani akuluakulu anu, muwauze zimene mwawerenga nokha."

Bamboyo atapita pambali ndi foni yake, Kapitawo anatembenukira kwa abwana. Mawu otsatirawa anali atawakonza m'minibasi, koma anamulemerabe pakamwa.

"Mbali ina ndi yanga, abwana. Miyezi yonseyi ndakhala ndikusainira makatoni nditangowerenga kunja. Tikatsegula timangokhuthulira m'dilowa. Ndikanayeza kale, munthu sakanaganiziridwa."

Abwana anadzuka, anasasa fumbi pa mawondo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndinakuphunzitsa kusaina choncho," anatero. "Ndipo amene anandiphunzitsa ine ankateronso. Kiyi ya a Mwetulirani ili kuti?"

Kapitawo anaitulutsa m'thumba la epuloni. Abwana anaitenga n'kuuyamba wa kuchipata, Kapitawo ali pambuyo, Watayi akutsatira chapatali. Pachipata panali mzere wa alendo. A Mwetulirani atawaona akubwera atatu, anatsitsa kamera pang'onopang'ono n'kuyamba kumasula batani la yunifolomu.

"Siyani batanilo, bambo," anatero abwana. "Katundu amabwera woperewera kuchokera kufakitale. Akapitawo awa apeza. Ndinakuganizirani zoipa popanda umboni. Ndinalakwa, mundikhululukire."

Ananena anthu akumva, osatsitsa mawu. Mkuluyo anayang'ana kiyi, anayang'ana Kapitawo. Analandira kiyiyo ndi manja awiri n'kuyikoloweka pa lamba mosafulumira.

"Ndamva, abwana," anatero. Kenako anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Koma mwaima pamalo a alendo. Ngati simukujambulitsa, tasunthirani uko, banja ili ladikira."

Anthu a pamzere anaseka, abwana nawonso anaseka akusuntha. Watayi anatsalira. Kapitawo sanamve zimene ananena, koma anamuona ataweramitsa mutu, manja ali kumbuyo, mkulu uja akumusisita paphewa.

Masanawo kunabwera mabasi atatu. Zithunzi zinatuluka zamoyo moti makina anatentha, ndipo Kapitawo anasintha mapepala kawiri. Pa nthawi yopereka shifiti a Mwetulirani anadutsa pakauntala, anaima pang'ono ngati akufuna batire.

"Mwana wanga," anatero, "ndinali nditauza kale akazi anga kunyumba kuti kuyambira Lolemba ndizikhala nawo. Tsopano akhumudwa, amati ndiziwathandiza kuchapa."

"Muwauze adikire zaka zina khumi."

Sabata yotsatira kampani ija inatumiza munthu wa jekete ndi kalata yopepesa. Anati makina awo amodzi olongedzera anali atasokonekera, ndipo mashopu ena ambiri ankalandira zoperewera osadziwa. Anabweretsa timphete tonse tosowa tija. Mlendoyo anapempha kuti aone amene anatulukira, ndipo abwana anamutengera kukachipinda kumene anapeza Kapitawo ali pamwamba pa mpando akulemba madeti pa mabokosi a inki.

Kuchokera pamenepo ntchito ya m'kachipindamo inasintha. Abwana anagula sikelo yatsopano, ndipo pakhoma panamatidwa pepala lolembedwa ndi dzanja la Kapitawo, losonyeza kulemera koyenera kwa katoni ya chinthu chilichonse. Katundu akafika ankayezedwa asanasainidwe, ndipo paketi imodzi inkatsegulidwa dalaivala ali pompo. Zakale zinkakhala kutsogolo, zatsopano kumbuyo. Watayi anadandaula masiku awiri, koma tsiku lachitatu anapeza yekha bokosi la makapu loperewera awiri, ndipo anayenda nalo shopu yonse akuonetsa aliyense ngati wabereka mwana.

Kutha kwa mwezi abwana anaitananso Kapitawo mu ofesi. Ulendo uno anamulozera mpando.

"Eni kampani yathu amva," anatero. "Akufuna katundu wa mashifiti onse awiri akhale m'manja mwako. Akufunanso upite kushopu yathu ya kunyumba yosungirako zinthu zakale, ukawaonetse mmene ukuchitira. Kumeneko akuti chaka chino sitoko sinagwirizanepo ngakhale kamodzi. Ukutipo bwanji?"

Kapitawo anaganiza za sukulu imene anaisiyira panjira, ndi zaka zimene anakhala akupukuta magalasi a mafulemu asanapatsidwe makiyi. Anafuna kunena zambiri, koma zimene zinatuluka zinali zochepa.

"Ndipita, abwana. Koma Lachitatu, chifukwa Lachiwiri kumabwera masukulu."

Lachitatu m'mawa anakwera galimoto ya abwana, kutsogolo, atavala jekete imene ankaisungira maukwati. Anadutsa mumsewu wa mashopu, anawoloka njanji, n'kukaima kuseri kwa chinyumba chachikulu cha zipilala. Kapitawo wa kumeneko, mayi wamtali wa magalasi, anawalandira ndi nkhope yokayika.

"Ndinu amene mwabwera kudzatiphunzitsa kuwerenga?"

"Ayi, achemwali. Ndabwera kudzakuthandizani kunyamula."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anamwetulira pang'ono n'kutulutsa makiyi. Chitseko cha chipinda chawo chinatseguka theka lokha, china chake chitachitchinga mkati. Atakankha ndi phewa, mpukutu wa mapepala unagubuduka n'kudutsa pakati pa miyendo yawo. Makatoni anali ataunjikana mpaka kudenga, ena otsegula, ena ophwanyika, mafulemu atasakanikirana ndi makapu, ndipo pamwamba pa zonsezo panali ambulera ya munthu.

"Ndi mmene zililimu," anatero mayi wamtaliyo. "Tiyambira pati?"

Kapitawo anavula jekete, anaipinda bwinobwino n'kuipereka kwa abwana kuti amugwirire. Anakwinya manja a bulauzi.

"Titulutse zonse panja," anatero. "Inu gwirani uko, ine ndigwira kuno. Ndipo wina atipezere tsache."